App ikukana kulumikizana ndi database? Musafufute kaye, onani pomwe yaimitsidwa

Vuto ili limabwera kawirikawiri moti ndinasiya kudabwa nalo. App inkayenda bwinobwino dzulo, lero mwaisamutsira pa seva ina kapena wina wapanga update ya database usiku, m'mawa kutsegula basi yakana. Ndiye chomwe ambiri amachita ndi kufufuta zonse nkuinstolanso, kapena kusintha pasiwedi kasanu, kapena kukopa mzere uliwonse womwe aupeza pa intaneti nkuponya mu config osadziwa kuti ukuchita chani. Pena zimatheka mwangozi, koma pakatha mwezi vuto lija labweranso ndipo palibe akukumbuka chomwe anakonza ulendo woyamba uja.

Chomwe ndikufuna mumvetse ndi ichi, app sifika ku database ndi kulumpha kumodzi, pali makomo angapo. Iyambe yapeza driver, kapulogalamu komwe kamailankhulira ndi database, driver ija ipeze seva pa adilesi ndi port yolondola, awiriwa agwirizane za encryption, kenako seva ifunse kuti ndiwe ndani ndipo driver iyankhe m'njira yomwe seva ikuimva. Error yomwe mukuiwonayo ikukuuzani khomo lomwe mwakanizidwa, ndiye iwerengeni yonse mpaka kumapeto, osati mzere woyamba wokha. Kusintha pasiwedi pomwe driver siinafike nkomwe pa seva ndi kungotaya nthawi basi.

Musanagwire kalikonse mu code, lowani pa makina omwe app ikuyendera, osati pa laputopu yanu, muyese ndi client wamba pogwiritsa ntchito adilesi, dzina ndi pasiwedi zomwezo zomwe zili mu config. Ya MySQL ndi mysql -h 127.0.0.1 -P 3306 -u dzina -p ndipo ya PostgreSQL ndi psql -h adilesi -p 5432 -U dzina -d database. Mukalowa, dziwani kuti seva ili bwino, vuto lili kwa driver kapena momwe app ikuwerengera config. Mukakanika, isiyeni kaye app, nkhani ili ku seva kapena pa netiweki. Mphindi ziwiri zimenezi zimadula ntchito pakati.

Khomo loyamba ndi losavuta koma limanyenga. PHP ikati "could not find driver" ndiye kuti pdo_mysql kapena pdo_pgsql palibe kapena siinayatsidwe. Chomwe chimasokoneza anthu nchakuti amalemba php -m pa terminal, amaiona ilipo, koma pa browser ikukanabe. Zili choncho chifukwa PHP ya pa terminal ndi ya webusaiti zimawerenga php.ini zosiyana, pa Ubuntu ina imakhala mu foda ya cli ina mu foda ya fpm kapena apache2, ndipo nthawi zina mumapeza makinawo ali ndi ma vesheni awiri a PHP, inu mwainstola extension ya 8.2 pomwe Nginx ikutumizabe ku 8.1. Ikani tsamba la phpinfo() kwa kanthawi muone vesheni ndi php.ini yeniyeni, mukonze, muyatsenso php-fpm, tsambalo mulichotse pompo chifukwa limaulula zambiri. Ku Python ndi chimodzimodzi, psycopg2 yainstoledwa mu virtualenv ina pomwe app ikuyenda ndi ina. Ku Java "No suitable driver found" imatha kutanthauza kuti jar palibe, komanso imabwera mukalakwitsa kalembedwe ka URL, mwachitsanzo kulemba jdbc:postgres m'malo mwa jdbc:postgresql, zilembo ziwiri zokha. Ndipo amene mukadali ndi com.mysql.jdbc.Driver mu config, dzina latsopano kuyambira Connector/J 8 ndi com.mysql.cj.jdbc.Driver.

A Windows ndi ODBC, njira yomwe mapulogalamu ngati Excel amalumikizirana ndi database, muli ndi yanuyanu. Mukaona "The specified DSN contains an architecture mismatch between the Driver and Application" ndiye kuti app ndi ya 32-bit koma driver ndi ya 64-bit, kapena mosinthanitsa. Chomwe chimalamula ndi app, osati Windows. Windows ikhoza kukhala 64-bit koma ngati pulogalamu yanu yakale ija kapena Excel yanu ndi ya 32-bit, pakufunika driver ya 32-bit. Chosokoneza kwambiri ndi mayina a mafoda, odbcad32.exe ya mu System32 ndi ya 64-bit, pomwe ya mu SysWOW64 ndiyo ya 32-bit, motembenuza choncho. DSN, dzina lomwe mumasungirapo zolumikizira za database, mwaipanga kumodzi, app ikuyang'ana kwinako, basi "Data source name not found and no default driver specified". Dzina la driver mu connection string nalonso lifanane ndendende ndi lomwe lainstoledwa, ngati mwalemba ODBC Driver 17 for SQL Server koma pa makina pali 18, error yake ndi yomweyo.

Tsopano localhost. Mawu amenewa andidyera nthawi kuposa china chilichonse pa nkhaniyi. Pa Linux, client ya MySQL ndi PHP mukazipatsa localhost sizidutsa pa netiweki, zimafunafuna fayilo ya socket, ndipo zikapanda kuipeza pomwe zikuyembekezera mumalandira "No such file or directory" kapena "Can't connect to local MySQL server through socket". Munthu amayamba kusaka fayilo yomwe yasowa mu pulojekiti yake chonsecho nkhani ndi socket. Lembani 127.0.0.1 ndiye ipita pa TCP. Ku Node kuli kwina, kuyambira Node 17 localhost imatha kumasuliridwa kukhala ::1 ya IPv6, ndiye ngati database ikumvetsera pa IPv4 pokha mumaona ECONNREFUSED ::1:3306, mankhwala ake ndi omwewo, 127.0.0.1. Koma mu Docker zonsezi sizithandiza chifukwa mkati mwa container localhost ndi container yomweyo, osati makina anu. Ngati database ili mu container ina ya docker compose, host ndi dzina la service, kaya munaitcha db kaya mysql, ndipo port ndi yamkati, 3306 kapena 5432, osati ija munaitulutsira kunja. Ngati database ili pa makina anu enieni, pa Docker Desktop pali host.docker.internal.

Musiyanitsenso "Connection refused" ndi "timed out", si chinthu chimodzi. Refused ndiye kuti makina aja ayankha koma pa port imeneyo palibe akumvetsera, database yazima kapena ikumvetsera mkati mokha. Timed out ndiye kuti palibe wayankha, kawirikawiri firewall ikumeza mapaketi mwakachetechete kapena adilesi ndi yolakwika. Pa seva lembani ss -ltnp muone. Mukaona 127.0.0.1:3306 ndiye kuti akunja sangalowe, muyang'ane bind-address mu config ya MySQL kapena listen_addresses mu postgresql.conf, yomwe imabwera ili pa localhost. SQL Server Express imabwera TCP/IP ili yozimitsa, muyatse mu Configuration Manager, ndipo named instance siikhala pa 1433 nthawi zonse, imasankha port yakeyake, ndiye muikhazikitsire port imodzi kapena SQL Server Browser ikhale yoyaka kuti app iipeze. Pempho langa, mukatsegulira akunja mutsegulire adilesi ya app yokha pa firewall, osati dziko lonse.

Za encryption zinayamba kuluma anthu ambiri mu 2022 pomwe ODBC Driver 18 for SQL Server inabwera Encrypt ili yoyatsa kale, pomwe pa 17 inali yozimitsa. Zomwezo zinachitika ndi JDBC driver ya Microsoft 10.2 komanso Microsoft.Data.SqlClient 4.0. Connection string simunaigwire, mwangokweza driver, basi "The certificate chain was issued by an authority that is not trusted". Seva ikugwiritsa ntchito satifiketi yodzisainira yokha ndipo driver yatsopano siikuikhulupirira. TrustServerCertificate=yes imatseka pakamwa error yo, pa laputopu yoyeserera palibe vuto, koma pa seva yomwe ili ndi zinthu za anthu mukutanthauza kuti driver ivomere aliyense wodzitcha seva yanu. Kumeneko ikani satifiketi yeniyeni ndipo dzina la host mu connection string lifanane ndi la pa satifiketi. Mbali inayo, Java kuyambira 8u291 ndi 11.0.11 mu 2021 inazimitsa TLS 1.0 ndi 1.1, ma vesheni akale a encryption ya pa netiweki, ndiye SQL Server yakale yomwe siinapatsidwe ma update imakanidwa ndi uthenga wotchula TLS10, ndipo MySQL nayo inachotsa awiriwa pa 8.0.28. Apa chofunika kukweza ndi mbali yomwe yatsalira, osati kubwezera TLS yakale mu java.security.

Koma pomwe pamagona vuto lalikulu, lomwe limabwerabwera, ndi pa khomo la pasiwedi, ndipo nthawi zambiri pasiwedi yo imakhala yolondola. Chasintha ndi njira yoitsimikizira.

MySQL 8.0 yomwe inatuluka mu 2018 inasiya mysql_native_password ngati njira yoyambira nkutenga caching_sha2_password. Driver yakale siidziwa njira imeneyi, ndiye PHP yosafika 7.4 imati "The server requested authentication method unknown to the client", pomwe package ya mysql ya ku Node imati ER_NOT_SUPPORTED_AUTH_MODE, "Client does not support authentication protocol requested by server". Yankho lomwe lafala kwambiri ndi lakuti mupange ALTER USER nkubwezera yuza uja ku mysql_native_password. Inde zimayenda, koma mwangokankhira vuto kutsogolo. Njira yakaleyo inalengezedwa kuti ikupita pa 8.0.34, pa 8.4 imabwera yozimitsa, ndipo pa 9.0 inachotsedweratu. Amene anabwezera kale aja lero akukweza seva nkulandira "Plugin 'mysql_native_password' is not loaded", app yonse yaima. Ine ndimati kwezani driver. Ku Node chotsani mysql muike mysql2, kalembedwe kake nkofanana kwambiri moti nthawi zambiri mumangosintha mzere wa require. Ku PHP pitani pa 7.4 kupita m'mwamba, ku Java Connector/J 8 kupita m'mwamba, ndipo dziwani kuti ku Maven dzina linasintha pa 8.0.31 kuchoka ku mysql-connector-java kukhala mysql-connector-j pansi pa com.mysql, ena amakhala pa vesheni yakale osadziwa chifukwa dzina lakalelo silikulandiranso zatsopano. Ngati app ndi yakale zedi moti simungaikweze sabata ino, bwezerani yuza mmodzi yekhayo wa app yo, osati seva yonse, ndipo mulembe penapake kuti pali ngongole.

Mukakweza Connector/J mutha kukumana ndi "Public Key Retrieval is not allowed". Chikuchitika nchakuti caching_sha2_password siilola pasiwedi kuyenda poyera, ndiye ngati palibe TLS driver imafuna public key ya seva kuti ibise pasiwedi yo, koma siiloledwa kungoipempha. Ichi nchifukwa chake error imeneyi imabwera nkusowa, seva ikangoyatsidwanso cache imakhala yopanda kanthu ndiye imakana, wina akalowa bwino ndi yuza yemweyo kudzera pa client ina cache yadzaza, app yayambanso kuyenda, inu nkumaganiza kuti zadzikonza zokha. allowPublicKeyRetrieval=true ndi ya pa makina oyeserera. Pa seva yeniyeni chotsani useSSL=false ija munaikopa kalekale, muyatse TLS, error yo siibweranso.

PostgreSQL ili ndi nkhani yofanana. SCRAM, njira yake yatsopano yotsimikizira pasiwedi, inabwera pa vesheni 10 mu 2017 ndipo pa vesheni 14 mu 2021 inakhala njira yoyambira yosungira mapasiwedi m'malo mwa md5. Driver yakale ya Java imati "The authentication type 10 is not supported", zomwe zimadalira libpq yakale zimati "SCRAM authentication requires libpq version 10 or above". Pa Java pakufunika 42.2.0 kupita m'mwamba. Pano pali msampha womwe ndimaona anthu akugweramo, amapita mu pg_hba.conf nkusintha scram-sha-256 kukhala md5, akuyatsanso seva, error ikadali yomweyo. Chifukwa chake nchakuti ngati pasiwedi inasungidwa kale ngati SCRAM, seva imagwiritsabe ntchito SCRAM ngakhale mzerewo ukunena md5. Motembenuza nazonso zimavuta, mwasamutsa ma yuza kuchokera ku seva yakale mapasiwedi ali a md5, pg_hba.conf yatsopano ikufuna scram-sha-256, aliyense akukanidwa ngati walakwitsa pasiwedi. Kusintha password_encryption sikukhudza mapasiwedi akale, muyenera kuikanso pasiwedi ya yuza aliyense, mu psql ndi \password dzina, ngakhale mutaikanso yomweyo. Chonde musalembe trust mu pg_hba.conf kuti muthane nazo msanga, trust imalowetsa aliyense wofika pamenepo popanda pasiwedi, ndipo mizere ya "kanthawi kochepa" imeneyi imaiwalika. Mukaona "no pg_hba.conf entry for host" werengani bwino, uthengawo umatchula adilesi, yuza, database komanso ngati panali encryption kapena ayi, zonse zomwe mukufuna kuti mulembe mzere wolondola. Mizere imawerengedwa kuchokera pamwamba ndipo woyamba kugwirizana ndiwo umagwira.

"Access denied for user" ya MySQL nayo muiwerenge mpaka kumapeto. Ikathera ndi using password: NO ndiye kuti app siinatumize pasiwedi nkomwe, config siikuwerengedwa kapena dzina la variable lalakwika. Ikati YES, onani host yomwe ili pambuyo pa chizindikiro cha @, chifukwa kwa MySQL 'dzina'@'localhost' ndi 'dzina'@'%' ndi ma akaunti awiri osiyana, aliyense ndi pasiwedi yake ndi zilolezo zake. SELECT user, host, plugin FROM mysql.user ikuonetsani zonse kuphatikizapo njira yotsimikizira ija. Pa Ubuntu root imabwera ndi auth_socket, ndiye sudo mysql imalowa koma app singalowe ngati root ngakhale mutalemba pasiwedi yanji, komanso app isamalowe ngati root poyamba pomwe, ipangireni yuza wake. Palinso mapasiwedi okhala ndi zizindikiro. Mu fayilo ya .env chizindikiro cha # chimatha kutengedwa ngati chiyambi cha comment pasiwedi nkudulidwa pakati, iikeni mu ma quote. Mu URL yolumikizira, @ ya mu pasiwedi imasokonezeka ndi @ yolekanitsa host, iyenera kulembedwa %40, ndipo # ndi %23. Mu docker compose $ imamezedwa pokhapokha mulembe $$. A Laravel, ngati munapangapo config:cache, zomwe mukusintha mu .env sizikufika, php artisan config:clear kaye.

Nanga app yomwe imayenda tsiku lonse koma m'mawa uliwonse munthu woyamba kulowa amalandira error, kenako zimayenda? Ndinaithamangitsa imeneyi masiku angapo pa ntchito ina ndisanaone kuti nthawi yake siisintha. MySQL ili ndi wait_timeout ya masekondi 28800, maola 8, connection ikakhala osagwiritsidwa ntchito nthawi imeneyo seva imaidula, koma pool ya app, gulu la ma connection omwe app imasunga otsegula, siidziwa, m'mawa ikupereka chingwe chakufa, basi "MySQL server has gone away" kapena "Communications link failure". Firewall kapena load balancer yapakati imatha kudula msanga kuposa pamenepo. Musakweze wait_timeout, uzani pool kuti izitaya ma connection akale isanadulidwe. Ku SQLAlchemy ndi pool_pre_ping=True kapena pool_recycle, ku HikariCP ndi maxLifetime yomwe imabwera ili pa mphindi 30, ikhale yotsika kuposa nthawi yomwe chapakaticho chimadula. Mukadali pa pool pomwepo muwerenge, MySQL imabwera ndi max_connections 151, PostgreSQL 100, ndiye ngati muli ndi makope 6 a app aliyense ndi pool ya 20 mwafika kale 120, pa PostgreSQL "too many clients already" siingakudabwitseni. Kawirikawiri yankho ndi kuchepetsa pool kapena kupeza pomwe code siikubweza connection.

Lomaliza nthawi zambiri silibweretsa error iliyonse nchifukwa chake limawononga kwambiri. Zonse zalumikizana, koma dzina lokhala ndi ŵ likutuluka ngati Åµ kapena ngati ?, ma emoji akusowa. Apa ndi charset, njira yosungira zilembo, ya connection kapena ya table. MySQL 5.7 inkabwera ndi latin1, 8.0 imabwera ndi utf8mb4, ndipo ija imangotchedwa utf8 mu MySQL imasunga ma byte atatu okha pa chilembo, ŵ imakwana koma emoji ayi. Ikani charset=utf8mb4 mu DSN ya PDO, kapena set_charset ngati ndi mysqli, kenako muone table yo ndi SHOW CREATE TABLE chifukwa connection ikhoza kukhala yolondola column ili latin1. Musanapange convert chilichonse tengani backup ndipo muyesere pa kope, chifukwa zomwe zikuoneka ngati Åµ ma byte ake akadalipo ndipo zimabwezeka, koma zomwe zinasungidwa kale ngati ? chilembo chenicheni chinatayika, zimenezo muyenera kuzilembanso kuchokera komwe zinachokera.